Bulugama wa M'malire a Munda Wanga

Zochoka ndidatsimikiza ndili chikhalire pa belo la fodya m'chigafa mwathu ku Wimbe. Chaka chimenecho fodya wathu adabwerera kawiri ku okushoni, ndipo atagulidwa kachitatu, ndalama zake zidathera kwa mwini lole ndi mwini jeke yofinyira mabelo. Ndidali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, zala zili bii ndi utomoni wa fodya, satifiketi ya ulimi ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Mnzanga wa kukoleji adanditumizira uthenga woti kuli anthu akutenga achinyamata kupita nawo ku Russia, kukaphunzira chilankhulo miyezi ingapo kenako kukagwira ntchito yolima tomato m'nyumba zagalasi. Uthengawo ndidauwerenga katatu. Ndidati kaya kuzizirako kukandiphe, ndikafera komweko, koma ndipita.

Sikuti ndinkathawa fodya ayi. Anthu amayesa kuti aliyense wochoka kumudzi watopa ndi khasu. Ine ndinkafuna kudzabwerera ku khasu lomwelo, koma ndili ndi feteleza wogula ndekha, nambala yangayanga yogulitsira fodya, ndi chigafa changa. Munda wokha ndidali nawo kale. Amayi adandipatsa wawo wakumunsi, woyandikana ndi dambo, wokhala ndi chulu chachikulu pakati. Tsiku londipatsalo tidayenda malire onse tilipo atatu, amayi, ine ndi achimwene anga a Lameki, ndipo amayi adati, "Uwu ndi wa Esinta. Udali wa amayi anga, upita kwa mwana wamkazi." A Lameki adavomera, popeza iwo adali ndi munda kuchikamwini kwawo, mudzi wachiwiri kuchokera kwathu. Malirewo adali mzere wa udzu chabe, mudalibe mtengo ndi umodzi womwe.

Chidandivuta chidali ndalama ya pasipoti, ya ndege ndi ya munthu wokonza mapepala. Ndidazungulira achibale mpaka nsapato kutha chidendene, aliyense akungoti fodya sadayende bwino chaka chino. Nditatsala pang'ono kutaya mtima, a Lameki adafika pa njinga yawo yakapalasa n'kundiitanira kuseri kwa nkhokwe. Adatulutsa envulopu m'thumba la jekete.

"Ndagulitsa ng'ombe zanga ziwiri," adatero. "Pita chemwali, ukatichotse manyazi. Munda wako ndizikulimira ine, iwe uzingotumiza ya feteleza. Za ng'ombezo uzibweza pang'onopang'ono, palibe akukuthamangitsa."

Ine Esinta, amene pamudzi amandidziwa kuti ndine wapakamwa, ndidagwada pafumbi n'kulira ngati mwana. Lamulungu lomaliza ndisadanyamuke ndidaimirira pamaso pa mpingo wonse, n'kuthokoza Mulungu chifukwa chondipatsa mlongo wotha kugulitsa ng'ombe zake chifukwa cha ine. Anthu adawomba m'manja, amvano n'kuyambitsa nyimbo. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amene ndidalankhula tsiku limenelo, nkhope imandiyaka.

Ku Russia ndidafika nthawi imene kwathu anthu amakhala akuthirira nazale. Za kuzizira kwa kumeneko sindifotokoza, mungati ndikunama. Tidatha miyezi isanu tikulimbana ndi zilembo zawo zooneka ngati zotembenuzika, kenako adatitumiza ku famu ina chakummwera, kunja kwa tauni yaing'ono. Nyumba zagalasizo zidali zazitali moti ukaima mbali ino sungazindikire nkhope ya mnzako ali mbali inayo. Kunja chipale chili mbuu, ife mkati tikutuluka thukuta pansi pa magetsi. Ntchito yake sidandivute, kuthyola mphukira, kukulunga tomato ku zingwe, kukolola. Kwa dzanja lozolowera fodya, tomato ndi masewera. Chidandidabwitsa n'chakuti zinthu zambiri pafamupo zinkachokera kunja kwa dzikolo: mbewu, mababu, zitsulo za makina othirira, ngakhale njuchi. Inde njuchi, zikuluzikulu zaubweya, zinkabwera m'makatoni kuchokera ku Holland kudzayendetsa mungu pamaluwa a tomato.

Chipinda ndinkakhala ndi Rudo, mtsikana wa ku Zimbabwe, wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu. Akadapanda iyeyo mutu ukadandizungulira. Anthu adalipo ambirimbiri, koma padalibe wondifunsa kuti ndadzuka bwanji mpaka kufika pa amayi ndi nkhuku zomwe, monga timachitira kwathu. Kumeneko ukapereka moni kwa munthu wosamudziwa amakuyang'ana ngati ukufuna kumubera. Pankatha sabata yathunthu osamva liwu la Chichewa, kupatula langa lomwe ndikamatukwana chingwe chikaduka. Matenda a kolona atabwera adatitsekera pafamu miyezi ingapo, ife n'kumangolima tomato, kudya tomato, kununkha tomato. Ndinkalira, sindibisa. Ndinkalirira kuseri kwa makireti, ndikatha n'kusamba kumaso n'kubwerera pa mzere wanga.

Mwezi ukatha ndinkakwera basi kupita m'tauni, pawindo la kampani yotumiza ndalama. Ndikapereka pasipoti ndi ndalamazo, pasadathe maola awiri a Lameki amakhala atalandira ku boma. Iwo ndiwo adali ndi foni yaikulu, ndiye zonse zinkadzera mwa iwo. Ankanditumizira zithunzi za fodya m'munda mwanga, masamba otambalala ngati a nthochi, chulu chija chikuonekera kumbuyo. Ndinkamuonetsa Rudo mpaka adatopa nacho chulucho. Amayi ndinkalankhula nawo Lamulungu akaweruka kutchalitchi, pa foni yomweyo, a Lameki ali chiimire pambali. Ankandifunsa ngati ndikudya, ngati ndapeza kopemphera, ngati azungu sakundizunza. Ndikafunsa za munda ankati, "Afunse achimwene ako, ine miyendo siyikundilola kutsetserekera kumunsi." Ndikafunsa za ndalama za fodya, a Lameki ankati zina zapita ku ng'ombe zija, zina zadyetsa amayi, zotsala akundisungira. Sindidakayikepo ngakhale kamodzi.

Chimene chinkandilimbitsa chidali chigafa chimene ndinkamanga m'mutu. Manja ali pa tomato, ine ndikuyeza pomwe chidzakhale, kumtunda kwa chulu, kopita mphepo. Ndinkasankha ndi mitengo yomwe, monga adandiphunzitsira malemu bambo anga ndili kamtsikana kowanyamulira nkhwangwa. Iwo mtengo sankauwerenga ndi zaka, ankauwerenga ndi mvula zimene wamwa. Bulugama womwa mvula ziwiri umamuzinga ndi dzanja limodzi, chala chachikulu n'kukumana ndi cha mkombaphala, ndipo ameneyo ndi wa mikangala yopachikapo fodya. Womwa mvula zisanu, ngakhale uike manja onse awiri zala sizikumana, ndiye wafika pa mphanda zoimitsa chigafa. Ndikalakwitsa ankandikoka khutu. Kuwerenga kumeneko kudandilowa kuposa masamu a kusukulu.

Nkhondo ya ku Ukraine idayamba kwathu mvula yachitatu chichokereni ili mkati. Tidaionera pa wailesi yakanema ya m'chipinda chodyera, ndipo kapitawo wathu, mayi wina wojintcha, adatiuza kuti nkhani zimenezo si zathu, tizisamala pakamwa. Pasadathe sabata ziwiri tidayamba kumva liwu lachilendo, masankishoni. Maiko a azungu adagwirizana zolilanga dzikolo pa chuma: kudula mabanki ake kuti asamatumizirane ndalama ndi akunja, kuletsa ndege zake, kusiya kuligulitsa katundu wina. Ine poyamba ndidati zili bwino, woyamba ndewu alangidwe. Ndinkayesa kuti chilangocho chikafikira amene adayambitsa.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndidapita m'tauni monga mwa masiku onse. Pamakina otulutsira ndalama padali mizere mpaka kukhota ngodya, nkhalamba zovala zipewa zaubweya zikupondaponda pansi ndi kuzizira. Masitolo ena a makampani akunja adali atamata mapepala pamagalasi. Pawindo langa lija ndidapeza chitseko chachitsulo chili chotsitsa. Ndidapita kubanki. Mtsikana wa pakauntala atamva dzina la Malawi adayang'ana pa kompyuta n'kupukusa mutu. Ndidalowa mabanki atatu tsiku limenelo. Kufamu ndidabwerera ndalama zili m'thumba, ndipo kadali koyamba m'moyo wanga kulira chifukwa ndalama zakana kundichoka.

Pafamu napo zidayamba kuonekera. Makatoni a njuchi adasiya kubwera kwa miyezi ingapo, ndiye adatipatsa timitengo kuti tiziyenda mzere ndi mzere tikugwedeza maluwa. Abale inu, munthu wa satifiketi ndi pasipoti kuwoloka nyanja kukagwira ntchito ya njuchi. Babu likapsa linkakhala chipsere. Makina othirira atawonongeka, kachitsulo kake kadazungulira maiko angapo kasadatipeze, tomato wa nyumba imodzi n'kufota yense. Ovataimu adachotsa. Zinthu m'sitolo zidakwera, shuga anthu n'kumachita kulimbirana. Pambuyo pake katundu wina adabwereranso ndi maina achilendo, ndalama yawo idagwa n'kudzukanso, koma njira yotumizira ndalama kwathu sidatseguke. Akuluakulu a nkhondo aja sindidawaonepo pamzere wa kubanki ngakhale tsiku limodzi.

Rudo ankangoseka mowawa. "Ife kwathu tidakulira m'zimenezi," adandiuza tsiku lina tikusenda mbatata. "Kalata ya masankishoni amalembera bwana, koma imakafikira kwa wogulitsa masamba. Ndipo dikira uone. Posachedwa ngakhale wakuba nkhuku azinena kuti ndi masankishoni." Ndidaseka naye, osadziwa kuti ndikudziseka ndekha.

Nkhondo yomweyo idakafika ku Wimbe popanda mfuti kulira. Feteleza adakwera mtengo moti anthu ankangokaliona thumba kudepoti n'kubwerera. Mauthenga a achimwene adasintha. "Chemwali, kuno zavuta." Mawa lake, "Chemwali, watiiwala?" Ndidayesa njira zam'mbali. Padali munthu wina m'tauni amene ankatumiza ndalama pa foni kudzera mwa anzake a m'maiko ena, koma pofika ku Kasungu ndalamazo zinkakhala zitadyedwa ndi manja anayi. Ulendo wachitatu sizidafike n'komwe, munthuyo n'kuzimitsa foni. Kukadandaula kupolisi sindikadatha, popeza njirayo idali yosaloledwa. Ndidangomeza.

Uthenga wina wa achimwene udandipeza masana, nthawi ya chakudya, nditakhala pa kireti. Udali wa mawu, ndipo ndikadali nawo mpaka lero.

"Chemwali, usakhumudwe. Munda uja tagulitsa. Amayi idawavuta bipi, mankhwala amafuna ndalama, feteleza ndi ameneyu wakwerayu, iwe miyezi yonseyi osatumiza kanthu kooneka. Tikadatani? Agula ndi aphunzitsi ena a ku boma, a Chirwa. Ukadakhala ukutumiza sizikadafika apa."

Sindidakwiye. Chimene chimandipweteka kwambiri lero n'chimenecho, kuti sindidakwiye. Ndidapepesa. Ndidawalembera kuti andikhululukire powasiyira mtolo wonse okha. Lamulungu lotsatira ndidapepesanso kwa amayi, ndikulira moti mawu sankamveka, ndipo iwo adangoti, "Ndi nkhondoyi mwana wanga," kenako foni adaitenga achimwene. Ndinkadziona kuti munda wa agogo ndautaya ine ndi manja angawa. Ndidadana ndi dziko limene ndinkadyamo, ndidadana ndi maiko amene adalilanga, ndidadana ndi mtsikana wa pakauntala uja. Mlandu ndidaugawira dziko lonse lapansi, kusiyapo mudzi wa kwathu.

Kontirakiti yanga idali pafupi kutha, koma ndidasaina ina. Ndidati mundawo ndikauwombola, kaya aphunzitsiwo akatchule ndalama zingati. Nyama ndidasiya kugula. Jekete yomwe ndidafika nayo ija ndidaisoka zigamba mpaka kapitawo adandipatsa yakale ya mwana wake. Rudo adatopa n'kubwerera kwawo, ine n'kutsala m'chipinda ndi mayi wina amene tinkangomvana ndi manja. Ndalama zikachulukirako ndinkagula madola kwa bambo wina kuseri kwa msika, pa mtengo wakuba, n'kuwasokerera mu lamba wansalu. Kwathu kudagwa mvula ziwiri ine ndikusoka lamba ameneyo. Pobwera, chifukwa cha kuletsedwa kwa ndege kuja, ndidayenda mozungulira masiku atatu, lamba ali m'chiuno, osayerekeza kumuvula ngakhale kuchimbudzi.

Ku Wimbe ndidafika nyengo yozizira, fodya atatha m'zigafa, minda ili mapesi okhaokha. Anthu adandilandira bwino, pamenepo sindinama. Amayi adali ataonda koma ankayenda. Adandigwira masaya n'kunena kuti ndayera. Nkhuku idafa. A Lameki adabwera pa njinga yamoto yofiira, adandikumbatira, ndipo ndidawapatsa wotchi ndi nsapato zimene ndidawagulira. Za lamba sindidauze munthu. Ndinkafuna ndidzawadzidzimutse tsiku lobweretsa pepala la munda.

Mawa lake m'mawa ndidatsetsereka ndekha kumunsi, kuti ndikauone kaye mundawo ndisadakumane ndi a Chirwa. Chulu ndidachiona ndili patali. Koma ndisadafike ndidaima. M'malire monse, mmene mudali mzere wa udzu muja, mudali bulugama, mzere wowongoka bwino, nsonga zikugwedera m'mwamba. Zoti wogula wadzala mitengo sizidandidabwitse. Kwathu wobwereka munda sadzalamo mtengo, akadzala ndiye kuti wayamba mlandu. Wodzala mtengo ndi mwini, ndipo amadzala mvula yoyamba yomwe kuti anthu adziwe. Chidandiimitsa ndi msinkhu wake.

Ndidapita pa mtengo woyamba n'kuuzinga ndi dzanja limodzi. Zala sizidafike ndi theka lomwe. Ndidaika manja onse awiri, sizidakumane. Ndidati mwina uwu uli pachinyezi, pafupi ndi dambo. Ndidapita pa wachiwiri, wachitatu, mpaka ndidakwera kumtunda kouma kumene ngakhale chimanga chimavuta. Konseko zala sizidakumane. Malinga ndi uthenga wa achimwene uja, mitengoyi idayenera kukhala itamwa mvula ziwiri, ya mikangala. Koma iyi idali ya mphanda. Idamwa mvula zisanu, zonse zimene ine ndidali kunja. Ndidakhala pansi patsinde pa chulu n'kutulutsa foni, n'kuyamba kuyang'ana zithunzi zakale zija chimodzichimodzi. Zonse adajambula ataima chofulatira malire.

Sindidabwerere kunyumba. Ndidakwera kabaza mpaka ku boma, n'kufunsira nyumba ya a Chirwa kumalayini a aphunzitsi. Adali bambo waimvi, wolankhula pang'onopang'ono, Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. Nditadzitchula dzina adandipatsa mpando, adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala losungidwa mu pulasitiki. Padali chidindo cha amfumu, siginecha ya a Lameki, ndi chala cha amayi cha inki yabuluu. Tsiku lolembedwa pamenepo lidali la sabata yomwe ija achimwene adandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Adandiuza kuti mwini munda akupita kunja, wavomera, akufuna ya ndege," adatero a Chirwa. "Adangondipempha kuti ndisaikemo khasu mpaka mutanyamuka, amati mukaona mtima ungakupwetekeni. Chaka chilichonse achimwene anu ankabwera kudzajambula fodya wanga. Amati mundawu mumaukonda, muziuonako. Ine ndinkachita kuwasankhira mizere yabwino."

Ndidawauza kuti atchule ndalama zimene angafune, dzanja lili pa lamba. Adavula magalasi n'kuwapukuta.

"Mayi, mundikhululukire. Chaka chamawa ndipuma ntchito. Kwathu kumpoto munda kulibe, abale adagawana kalekale. Thukuta langa lonse lili m'dothi limenelo. Ndikakupatsani, ine ndi mayi akunyumbawa tikathera kuti?"

Ndidachotsa dzanja pa lamba. Munthu ameneyu sadandibere kanthu. Adandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundilipirira kabaza ndikukana.

Kunyumba ndidawapeza onse awiri pakhonde, amayi akuswa mtedza, a Lameki akupukuta njinga yamoto ija, nsapato zondisiyitsa nyama zija zili kumapazi.

"Achimwene, ng'ombe zija adagula ndani?"

Adayang'ana amayi, amayi adayang'ana mtedza.

"Ndachokera kwa a Chirwa," ndidatero. "Ndipo mitengo ndaiyeza."

A Lameki adapinda kansanza kawo bwinobwino asadayankhe. "Nanga ukadapita ndi chiyani? Ndege sakwera ndi satifiketi. Unkalira kuti ukufuna kupita, ine ndidakupezera njira. Lero wabwera woyera, wayamba kundiweruza."

"Ya feteleza imene ndinkatumiza ija inkathira munda wa yani? Ng'ombe zimene ndinkabweza zija zili kuti?"

Adali atayamba kale kukankha njinga.

"Zili m'khola kwa alamu," ndidadziyankha ndekha. "Mwandidyera masuku pamutu zaka zisanu, ine ndikukuthokozani."

Atakwera njinga adatembenuka. "Zinthu zidavuta ndi nkhondo, iwe sudali kuno," adatero, n'kuliza injini.

Atapita ndidakhala pamphasa pafupi ndi amayi. Kwa achimwene ndidali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umamupatsa munthu mphamvu zoimirira. Kwa amayi ndidalibe ndi mkwiyo womwe.

"Amayi, chala chija ndi chanu?"

"Ndi changa."

"Adakukakamizani?"

"Ayi. Ndinkafuna upite. Ndinkakuona mmene unkakhalira pa belo paja, ngati munthu woferedwa. Ukadadziwa kuti ndi munda, sukadakwera ndege."

Pamenepo adanena zoona, sindikadakwera.

"Nanga tsiku lija ndinkapepesa pa foni ndikulira, bwanji simudandiuze?"

Amayi adaswa mtedza wina, n'kuika njere m'lichero mosamala ngati ndi mazira.

"Tinkaopa tsiku lokuuza, chaka n'kumatha, china n'kumatha. Ndiye nkhondo itabwera, Lameki adati mpata ndi umenewu. Nthawi imeneyo aliyense ankati nkhondo. Wagolosale nkhondo, wachigayo nkhondo, ngakhale wogulitsa mandasi. Tidati nawenso uvomera."

Ndidavomeradi. Ndidavomera mpaka kusiya nyama mvula ziwiri.

Masiku otsatira ndinkayenda pamudzi ndikuyang'ana nkhope za anthu. Bulugama ameneyo ali panjira yopita kudambo, palibe mayi wa m'mudzi mwathu amene sadadutsepo ndi ndowa pamutu. Ng'ombe za a Lameki zinkadya poyera. Amene adandiwombera m'manja kutchalitchi aja, ena ankadziwa tsiku lomwelo, enawo adadziwa mvula yoyamba. Nambala yanga ambiri adali nayo, popeza ankadziwa kundipempha ya mayunitsi. Nditamufunsa mnzanga wina amene tidakulira limodzi, adati, "Zidali za pabanja panu, ife tikadalowerera bwanji?" Ku Russia amene adatitsekera mabanki adachita kulengeza pa wailesi, tidadziwa tsiku lake ndi chifukwa chake. Kwathu kuno adanditsekera mwakachetechete, akundifunsa ngati ndikudya bwino.

Lamba uja ndidamumasulira tsidya lina la dambo, kumene ndabwereka maekala awiri kwa mayi wina wamasiye, pangano lake la chaka chimodzichimodzi. Nambala yogulitsira ndili nayo tsopano, feteleza ndidagula ndekha pa mtengo wa nkhondo womwewo. Amayi ufa ndi mankhwala ndimawapititsira ndi manja anga, sinditumanso munthu. A Lameki tikakumana pamaliro timapatsana moni, basi.

Poti wobwereka sadzala mtengo, pomanga chigafa ndidayenera kugula mphanda. Ndikadatha kugula kwina, koma ndidapita kwa a Chirwa. Adandiuza kuti ndisankhe ndekha, ndipo ndidayenda m'malire monse muja, kuyambira kudambo mpaka kumtunda, ndikuzinga mtengo uliwonse ndi manja awiri. Polipira adandichotserako pang'ono.